BoJack Horseman: Sewero la Makatuni Lokana Kuiwala

Pa phiri loyang'anizana ndi mzinda wa Los Angeles, ku America, pali zilembo 9 zoyera mbee, chilichonse chotalika mamita pafupifupi 14, zimene zimati HOLLYWOOD. Anaziimika mu 1923 monga chikwangwani chotsatsa malo omangapo nyumba, ndipo poyamba zinkati HOLLYWOODLAND. Zilembo zinayi zakumapeto anazizula mu 1949, zotsalazo n'kusanduka chizindikiro cha mudzi wa mafilimu, kumene achinyamata ochokera konsekonse amakhamukira kukasaka kutchuka. M'gawo la 6 la sewero la makatuni lotchedwa BoJack Horseman, mwini nkhani, hatchi yotchedwa BoJack, analedzera usiku wina mpaka kusadziwa chimene akuchita, ndipo kutacha anapeza chilembo D chili pakhomo pake. Anachiba pofuna kukopa mtima wa mkazi wina dzina lake Diane.

Aliyense wozolowera makatuni akanayembekezera kuti gawo lotsatira likamayamba, chilembocho chikhala chitabwerera pamalo pake. Sichinabwerere. Chinawonongeka, ndipo kuyambira pamenepo owerenga nkhani pa TV, eni makampani a mafilimu ndi anthu wamba a m'sewerolo anayamba kutchula malowo kuti Hollywoo, osaseka, osadabwa, kwa zaka ndi zaka. Ndi nthabwala, koma ndi lamulonso limene olemba anadziikira: m'dziko la hatchi imeneyi, chimene wathyola chimakhala chothyokabe.

Kuti timvetse kulimba mtima kwa lamuloli, tiyenera kudziwa mwambo umene linaphwanya. Masewero oseketsa a pa TV ku America amakhala a mphindi pafupifupi 22, nthawi yotsala ya theka la ola n'kupita ku zotsatsa malonda. M'mphindi zimenezo banja limayambana, wina amalakwa, amapepesa, onse amakumbatirana, ndipo sabata yamawa zonse zimayambira pomwe zinali. Mwambowu unali ndi chifukwa chake cha ndalama. Nyumba zoulutsira zinkagula magawo akale n'kumawaonetsanso mosatsata ndondomeko, choncho gawo lililonse linayenera kumveka palokha kwa munthu amene anaphonya lapitalo. Makatuni anafika nawo patali mwambowu. The Simpsons inayamba mu 1989, koma mnyamata Bart akadali ndi zaka 10 mpaka lero. Mu South Park, imene inayamba mu 1997, mwana wotchedwa Kenny ankafa pafupifupi m'gawo lililonse m'zaka zoyambirira, sabata yotsatira n'kuoneka ali bwinobwino pakati pa anzake. Pamene Netflix inayamba kutulutsa magawo onse a sizoni tsiku limodzi, chifukwa chakalecho chinatha ntchito. Woonera tsopano ankayambira poyamba n'kutsata mpaka kumapeto, ndipo olemba akanatha kudalira kuti akukumbukira.

BoJack Horseman inatuluka pa Netflix pa 22 August 2014 ndipo inatha pa 31 January 2020, itakwanitsa masizoni 6 ndi magawo 77. Woyambitsa anali Raphael Bob-Waksberg, ndipo maonekedwe a anthu ndi nyama zonse anawajambula Lisa Hanawalt, mnzake wa kusekondale ku Palo Alto, m'chigawo cha California. Bob-Waksberg wakhala akufotokoza kuti atangosamukira ku Los Angeles ankakhala m'kachipinda kakang'ono m'nyumba yokongola ya pamwamba pa mapiri a Hollywood, ndipo ankati akayang'ana mzinda wonse uli pansi pake, ankadzimva kuti ali pamwamba pa dziko koma ali yekhayekha. Munthu wa mtima umenewo anamuika m'thupi la hatchi ya m'zojambula za Hanawalt.

BoJack, amene mawu ake analankhula Will Arnett, ndi hatchi ya zaka 50 yoyenda ndi miyendo iwiri, yovala juzi ndi jekete. M'nkhaniyi, kuyambira 1987 mpaka 1996 anali katswiri wa sewero loseketsa lotchedwa Horsin' Around, lonena za hatchi yosakwatira yolera ana atatu amasiye, lofanana kwambiri ndi sewero lenileni la nthawi imeneyo, Full House. Patapita zaka 18 chithereni seweroli, ndalama akadali nazo, nyumba yapamwamba ali nayo, koma tsiku lake limatha ndi mowa, mapiritsi ndi kuonera magawo akale a iye mwini. Omuzungulira ndi Princess Carolyn, mphaka womupezera ntchito amene analinso chibwenzi chake, Todd Chavez, mnyamata amene anabwera ku phwando n'kukhazikika pasofa, ndi Mr. Peanutbutter, galu wachikasu wosangalala nthawi zonse. Palinso Diane Nguyen, mlembi amene analembedwa ntchito yomulembera buku la mbiri ya moyo wake.

Nanga n'chifukwa chiyani nyama? Amene anakulira pa nthano za Kalulu ndi Fisi sangavutike kumvetsa. Dyera likaikidwa pa Fisi, omvera amaseka momasuka, ndipo akamazindikira kuti wokambidwayo ndi iwo eni, mawu alowa kale. Chimodzimodzi pano. Mwamuna weniweni wa zaka 50 akanachita pakanema zimene BoJack amachita, ambiri akanazimitsa TV m'magawo oyambirira. Nkhope yaitali ya hatchi imapatsa woonera kampata kopumira. Ndipo nthabwala zilipodi zambiri, zina zachibwana dala. Pali Vincent Adultman, amene woonera aliyense akuona kuti ndi ana atatu oberekana m'chikhothi chimodzi, koma Princess Carolyn anakhala naye pachibwenzi osaona cholakwika. Kumbuyo kwa zochitika kumadzaza zikwangwani zoseketsa ndi nyama zochita zachibadwa chawo, mbalame yovala suti ikuuluka kuchoka pawindo la ofesi. Komabe kholo loona mitundu yowalayi lisaganize kuti ndi za ana. Muli zogonana, kutukwana, mankhwala osokoneza bongo ndi imfa.

Olemba ndemanga m'nyuzipepala sanalikonde seweroli poyamba. Ambiri anaonera magawo 6 oyambirira okha n'kuliweruza kuti ndi lina mwa makatuni otukwana a masiku onse. Anafulumira, pakuti nkhani inatembenuka m'gawo la 8.

Herb Kazzaz ndi amene anayambitsa Horsin' Around n'kumukweza BoJack kuchoka m'timabala momwe ankaseketsa anthu ochepa. Zitadziwika kuti Herb amagonana ndi amuna anzake, akuluakulu a kampani anaganiza zomuchotsa ntchito. BoJack analonjeza kuti aima naye, koma atauzidwa kuti akatero ataya mwayi wake, anakhala chete, ndipo kwa zaka 20 sanamuimbire ngakhale foni. Atamva kuti Herb akudwala khansa, anapita kukapepesa. Malinga ndi mwambo wa mphindi 22 uja, apa ndi pamene wodwala amagwetsa misozi n'kutambasula manja. Herb anakana. Anamuuza kuti ntchito yotayikayo sinali yomupweteka kwenikweni, chimene ankasowa ndi bwenzi, ndipo sadzalola kuti chikhululuko chake chikhale mankhwala oziziritsa mtima wa munthu amene anamuthawa. BoJack anabwerera chimanjamanja. Herb anamwalira sizoni yotsatira asanasinthe maganizo.

Chochitika chimenechi ndicho msana wa sewero lonse. BoJack anaphunzira chikondi pa TV, chifukwa kunyumba kwa makolo ake kunalibe, ndipo TV inamuphunzitsa kuti kupepesa kumodzi kwakukulu kumafafaniza zonse. Masizoni 6 onse akumuphunzitsa zosiyana, kuti madzi akatayika saoleka.

Kujambula zosaoneka

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayerekezera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matenda ovutika maganizo. Matendawa ndi osiyana ndi chisoni cha tsiku limodzi. Madokotala amayang'ana ngati munthu wakhala wokhumudwa kapena wosasangalatsidwa ndi chilichonse pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kupitirira, pamodzi ndi kusokonekera kwa tulo ndi kadyedwe, kufooka, kulephera kuika maganizo pa chinthu, ndi kudziona wachabechabe. Vuto la wopanga filimu ndi lakuti zonsezi zimachitikira mkati. Kamera ikaloza wodwalayo, imangoona munthu atakhala pampando.

Apa ndi pamene zojambula zimaposa kamera. M'gawo la 6 la sizoni ya 4, woonera amalowetsedwa m'mutu mwa BoJack. Zithunzi zimasanduka zokhwatchakhwatcha ngati za mwana wokwiya, ndipo timamva liwu limene limamutukwana kuyambira podzuka mpaka pogona. Akufuna kudya, liwu limunyoza. Akutumidwa kukagula mkaka, liwu limutsimikizira kuti onse amamuda, mpaka akupezeka ali kubala tsiku lonse. Pamapeto pa gawoli, Hollyhock, mtsikana wa zaka 17 amene panthawiyo ankaganiziridwa kuti ndi mwana wake, anamufunsa ngati liwu lotere, limene iyenso amalimva, limatha munthu akakula. BoJack anamunamiza kuti limatha. Anthu ambiri odwala matendawa anazindikira liwu limenelo msanga, chifukwa ndi limene amakhala nalo.

Gawo lina, "Fish Out of Water" la mu 2016, linachita zosiyana kotheratu: linachotsa mawu. BoJack anapita ku chikondwerero cha mafilimu pansi pa nyanja, atavala chisoti chagalasi chomulepheretsa kulankhula, kumwa ndi kusuta. Kumeneko anaona Kelsey Jannings, mayi wotsogolera mafilimu amene anachotsedwa ntchito pa nkhani imene BoJack anali nayo mbali, ndipo iye sanamufunepo chichotsedwereni. Kwa mphindi zoposa 20 pafupifupi palibe liwu lomveka. Anayesa kulemba kalata yopepesa, koma pomwe imafika m'manja mwa mayiyo inki inali itasungunuka m'madzi. Pamapeto penipeni anazindikira kuti chisoticho chinali ndi batani loti akadina amveke. Woonera amaseka, koma ndi kuseka kowawa, pakuti aliyense amene analepherapo kuuza mnzake za mumtima akudziwa kuti njira inalipo nthawi yonseyo.

Mowa, mapiritsi ndi mwana wa pasiteji

Seweroli limasonyeza bwino momwe matenda a maganizo ndi chizolowezi cha mowa zimadyetserana. Munthu amamwa kuti liwu lija likhale chete. Likakhala chete amachita zinthu zopweteka anzake, kutacha manyazi amalipatsa liwulo zonena zatsopano, ndipo amamwanso. Thupi nalo limazolowera, muyeso wa dzulo suthandizanso lero. Will Arnett sankangoyerekeza: mu 2016 anaulula poyera kuti anayambiranso kumwa atatha zaka 15 osalawa mowa, ndipo anabwerera ku misonkhano ya Alcoholics Anonymous, gulu lothandizana kusiya mowa limene linayamba mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio.

Mu sizoni ya 5, imene inatuluka mu 2018, BoJack anagwa kuchokera padenga akujambula sewero ndipo dokotala anamupatsa mapiritsi amphamvu opha ululu. Mapiritsiwo atatayidwa, anafika pogunditsa galimoto yake dala kuti alandire ena. Anthu a ku America sanaone chachilendo pamenepa. Kuyambira 1996, pamene kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa OxyContin n'kumauza madokotala kuti chiopsezo chozolowera mankhwalawo n'chochepa, anthu ambirimbiri analowa m'chizolowezi kudzera pakhomo la chipatala, ena n'kupitirira mpaka ku heroin ndi fentanyl. Mu 2017 anthu oposa 70,000 anafa m'dzikolo chifukwa chomwa mankhwala mopyola muyeso, ndipo mu 2021 chiwerengerocho chinadutsa 100,000. Mankhwala a mtundu umenewu amapha pochedwetsa kupuma mpaka kuima. Pali mankhwala ena, naloxone, amene amatha kumutsitsimutsa munthu ngati thandizo lafika msanga. Nkhani yake imakhala ya mphindi.

Mphindi zimenezo ndi zimene zili pakati pa nkhani ya Sarah Lynn, imene kwa ine ndiyo yolemera kuposa zonse m'seweroli. Sarah Lynn anayamba kuchita Horsin' Around ali kamwana, monga wamng'ono mwa ana atatu aja. Ankalakalaka kudzakhala wojambula mapulani a nyumba, koma mayi ake ankafuna ndalama ndi dzina. Anamuona BoJack ngati bambo, ndipo BoJack anamuphunzitsa kuti chofunika ndi kusangalatsa oonera basi, osaima, ngakhale zikupweteka. Mowa woyamba anaulawa ali ndi zaka 10, kuchokera m'botolo limene BoJack anasiya poyera, ndipo amene anachotsedwa ntchito pa mlanduwo anali mayi wokonza tsitsi. Atakula anakhala woimba wotchuka, wogulitsidwa ndi thupi lake, kenaka anthu anatopa naye. Mu sizoni ya 3 anali atatha miyezi 9 osamwa pamene BoJack, zinthu zitamusokonekera, anamuimbira foni kuti akasangalale. Anamwa ndi kugwiritsa ntchito mankhwala kwa masabata angapo. Ali mkati moledzera, anaona pa TV kuti Sarah Lynn wapambana mphotho ya Oscar iye kulibe. Anatsirizira ku Griffith Observatory, nyumba yoonetsera nyenyezi ku Los Angeles, kumene Sarah Lynn anatsamira paphewa la BoJack osadzukanso. Anali ndi zaka 31.

Olemba sanapeke mtundu wa moyo umenewu. Jackie Coogan, amene anachita filimu ya The Kid ndi Charlie Chaplin mu 1921, atakula anapeza kuti mayi ake ndi bambo omupeza anadya chuma chake, ndipo mlandu wake unabala lamulo la mu 1939 loteteza ndalama za ana ochita mafilimu ku California. Judy Garland, amene anali ndi zaka 16 pojambula The Wizard of Oz, anafotokoza kuti kampani inkamupatsa mapiritsi oti asanenepe ndi oti asagone, kenaka ena oti agone. Anamwalira ku London mu 1969 ali ndi zaka 47, atamwa mapiritsi ogonetsa mopyola muyeso. Ndipo patatha zaka zoposa zitatu BoJack Horseman itatha, mu October 2023, kunamveka imfa ya Matthew Perry wa sewero la Friends, ali ndi zaka 54. Perry anali atanena yekha kuti zaka zitatu za kujambula Friends sankazikumbukira chifukwa cha mowa ndi mapiritsi, pamene dziko lonse linkaseka nthabwala zake. Kutchuka kumachotsa zinthu zimene zimaimitsa munthu wamba. Woledzera wosauka ndalama zimamuthera, bwana amamuchotsa ntchito, achibale amamukhazika pansi. Wotchuka amazunguliridwa ndi anthu amene chakudya chawo chimadalira kuti iye apitirize kuonekera, ndipo amamubisira zonse mpaka tsiku limene sizingabisikenso.

Kumene bala linachokera

Sizoni ya 4 inabwerera m'mbuyo kukafufuza gwero. Mayi ake a BoJack, Beatrice, tinkawadziwa monga munthu wa lilime lakuthwa, wouza mwana wake kuti anawawonongera moyo. Tsopano tinawaona ali kamtsikana, m'banja lolemera la kampani ya shuga. Mchimwene wawo anafa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mu 1944. Mayi awo, Honey, chisoni chinawapitirira, ndipo bambo, amene sankadziwa chochita ndi misozi ya mkazi, anawapititsa ku opaleshoni yodula mitsempha ya kutsogolo kwa ubongo. Anabwerako ali phee, osalira, osaimbanso. Izinso n'zochokera m'mbiri yeniyeni. Opaleshoniyi, lobotomy, inachitidwa pa anthu masauzande ambiri ku America m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Rosemary Kennedy, mlongo wake wa John F. Kennedy, anachitidwa mu 1941 ndipo sanathenso kudzisamalira moyo wake wonse. Ndipo dokotala wa ku Portugal amene anaiyambitsa, Egas Moniz, analandira mphotho ya Nobel mu 1949.

Gawo lotchedwa "Time's Arrow", limene analemba Kate Purdy n'kupata nalo mphotho ya bungwe la olemba mafilimu ku America, limatilowetsa m'mutu mwa Beatrice atakalamba, matenda oiwala atawagwira. Nkhope za anthu ena n'zopanda maso ndi pakamwa, ya wantchito wina yakhwatchidwa ndi mizere yakuda, zilembo za pazikwangwani zikusinthana malo, zaka zikulowana. Timaona bambo awo akuponya pamoto chidole chawo atadwala matenda opatsirana, n'kuwauza kuti kulira n'kopanda pake. Timazindikiranso kuti Hollyhock ndi mlongo wake wa BoJack, mwana amene bambo ake anaberekera wantchito uja. Pomwe gawoli likutha, munthu amene unkamuda wayamba kumumvera chisoni. BoJack sanaone chilichonse mwa zimene ife taona. Iye ankangodziwa kuti mayi akewo ankathira mankhwala ochepetsa thupi mu khofi wa Hollyhock mpaka mtsikanayo anakomoka. Anawasiya m'nyumba yosungira okalamba yonyansa, koma asanatuluke, mayiwo atamuzindikira mwadzidzidzi ali ndi mantha, anawanamiza mokoma mtima kuti ali kunyumba yawo yakale ya m'mbali mwa nyanja ku Michigan, pamodzi ndi abale awo.

Beatrice atamwalira, olemba anachita chinthu chimene makatuni sachita. Gawo la "Free Churro", kupatula kachiyambi kochepa, ndi BoJack yekha ataima pambali pa bokosi akulankhula kwa mphindi zoposa 20, malo amodzi, liwu limodzi. Akuseka, akunyoza, akufufuza m'maganizo mwake kamphindi kamodzi kokha kamene mayi ake anamuonetsa chikondi. Chimene chikumupweteka ndi chakuti mpata woti zinthu zidzakhale bwino pakati pawo watsekeka. Atamaliza anatsegula bokosi n'kupeza kuti analowa m'chipinda cholakwika, wakhala akulankhula pa maliro a eni ake.

Kumvetsa si kumasula

Pofika apa panabuka ngozi imene olembawo anaiona. Ukamusonyeza woonera mabala onse a munthu, woonerayo amayamba kumuikira kumbuyo, ndipo ena amayamba kudziikira kumbuyo okha: ndine wotere chifukwa cha zimene ndinakumana nazo, mundilandire momwemo. Todd anali atakana kale maganizo amenewa mu sizoni ya 3, pamene anamuuza BoJack kuti sangapitirize kuchita zoipa kenaka n'kumadzimvera chisoni ngati kuti chisonicho chikulipira mlandu, ndi kuti asaloze mowa, mankhwala kapena ubwana wake, chifukwa wochita zonsezo ndi iye. Sizoni ya 5, imene inatuluka chaka chimodzi nkhani zoti wopanga mafilimu Harvey Weinstein ankazunza akazi zitaphulika mu October 2017, inapita patsogolo. BoJack ankachita sewero la wapolisi wovutika mumtima lotchedwa Philbert, ndipo Diane anakhumudwa atazindikira kuti sewero lotere likuthandiza amuna ankhanza kudzimva bwino. Apa olemba ankadzifunsa okha pamaso pa oonera awo. Kumapeto kwa sizoniyo BoJack, mapiritsi atamusokoneza mutu, anakanyanga pakhosi mnzake wochita naye seweroli, Gina Cazador, makamera akujambula. Gina anasankha kubisa nkhaniyo, poopa kuti dzina lake lidzangokumbukiridwa monga la mkazi amene anapwetekedwa ndi BoJack.

Sizoni yomaliza inachita chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri. Inamulola BoJack kuchira. Anakhala miyezi ingapo kumalo othandiza anthu kusiya mowa ku Malibu, analeka kudaya tsitsi n'kusiya imvi zioneke, anayamba kuphunzitsa zisudzo pa yunivesite ya Wesleyan, ndipo anali mphunzitsi wabwino. Woonera atayamba kupuma, gawo la 8 linabwera popanda BoJack ngakhale mnzake mmodzi. M'malo mwake tinaona anthu amene anawasiya m'njira. Gina amanjenjemera munthu akamugwira pafupi ndi khosi, ndipo wayamba kutchedwa wovuta kugwira naye ntchito. Kelsey akuvutikabe kupeza filimu yoti atsogolere. Hollyhock akumva kwa mnyamata wina zimene mchimwene wake anachita ku New Mexico, kumene anamwetsa mowa ana asukulu ndipo anapezeka m'chipinda ndi Penny, mtsikana wa zaka 17, mwana wa mnzake wakale. Atolankhani awiri akufufuza imfa ya Sarah Lynn, ndipo chimene chinadzaululika ndi ichi: heroin anali wa BoJack, ndipo ataona kuti mtsikanayo sakudzuka, anadikira mphindi 17 asanaitane ambulansi, akukonza bodza loti adziteteze nalo. Sarah Lynn anakafera kuchipatala.

Kuchira kwake kunali koona, ndipo mlandu wake unalinso woona. Seweroli linakana kusankha chimodzi. Pofunsidwa pa TV koyamba, BoJack analankhula modzichepetsa za uchidakwa wake ndipo anthu anamukonda. Kukoma kwa kuyamikiridwa kunamukoka, anavomera kufunsidwa kachiwiri ngakhale Princess Carolyn anamuletsa, ndipo ulendo uno wofunsayo anayala poyera mndandanda wa akazi amene iye anali ndi mphamvu pa iwo. Anataya ntchito, nyumba ndi dzina. Hollyhock anamulembera kalata imene oonera sanauzidwe mawu ake, ndipo sanaonekenso. BoJack anayambiranso kumwa, anathyola nyumba yake yakale ataledzera, n'kutsala pang'ono kumira m'dziwe losambiramo. Ambiri ankayembekezera kuti afa, ndipo gawo la 15 la sizoniyo, "The View from Halfway Down", limachitikira m'maloto a munthu amene akumira, akudya ndi akufa ake onse. Koma olemba anamudzutsa, n'kumutumiza kundende miyezi 14. Imfa ikanamupatsa mathero aulemu, oliritsa, n'kumuchotsera ntchito yovuta yodzuka m'mawa uliwonse ndi zimene anachita.

Pambali pa nkhani yake pali ya Diane, imene siikambidwa mokwanira. Iyenso ankadwala matenda a maganizo, ndipo kwa nthawi yaitali ankakana mankhwala. Atayamba kumwa, ojambula anamunenepetsa, monga zimachitikira ena omwa mankhwalawa, ndipo palibe m'seweroli amene anamuseka kapena kuchitapo ndemanga. Ankafuna kulemba buku lolemera lonena za mabala a ubwana wake, pokhulupirira kuti akapanda kutero ndiye kuti anavutika pachabe. Bukulo linakana kutuluka. Chimene chinatuluka ndi nkhani yopepuka ya kamtsikana kofufuza milandu, yolembera achinyamata, ndipo anaphunzira kuilandira. Pa Diane pomwepo pali chilema chimene eni ake anavomereza: ndi mkazi wa makolo ochokera ku Vietnam, koma mawu ake analankhula mzungu, Alison Brie, amene mu 2020 ananena poyera kuti akanakonda akanapanda kutenga mbaliyo. Bob-Waksberg nayenso anavomera kuti kusankha azungu okhaokha pa mbali zazikulu zisanu kunali kulakwitsa.

Seweroli silinapatepo mphotho ya Emmy, ngakhale "Free Churro" ndi "The View from Halfway Down" anapikisana nawo mu 2019 ndi 2020. Linatsegula njira ina: Hanawalt anapanga Tuca & Bertie mu 2019, ndipo chaka chomwecho Bob-Waksberg ndi Kate Purdy anatulutsa Undone, masewero a zojambula okamba nkhawa, nkhanza ndi matenda a maganizo kwa akuluakulu.

M'gawo lomaliza BoJack anatulutsidwa kundende kwa kanthawi kochepa kuti akakhale nawo pa ukwati wa Princess Carolyn. Anacheza ndi anzake anayi mmodzimmodzi, ndipo aliyense anali atapeza moyo umene sukuzungulira iye. Todd ali ndi nyumba yake ndi chibwenzi chake. Diane wakwatiwa, akukhala ku Houston, ndipo anamuuza mosabisa mmene uthenga wa pafoni umene anamusiyira usiku womira uja unamuzunzira. BoJack mwini akuopa kuti akadzatuluka adzayambiranso kumwa. Ndipo Princess Carolyn anamuuza nkhani imene iye anaimva ngati yabwino: filimu yotukwana imene anachita atagwa, mothandizidwa ndi katswiri wina wodziwika ndi nkhanza, ikuyenda malonda, ndipo mumzinda anthu ayamba kale kukamba zoti abwerere. Maso a BoJack anawala nthawi yomweyo. Anafunsa ngati Princess Carolyn angamuimirenso pa ntchito, ndipo iye anayankha kuti angamulozere kwa anthu ena odziwa ntchitoyo.